Maiki ya Kenwood pa Icom, itheka?

WaChinamwali:
Akuluakulu ndithandizeni. Achimwene anga andibweretsera maiki yapatebulo ya Kenwood MC-60A kuchokera ku Joni, ine wailesi yanga yolankhulirana ndi anthu akutali ndi Icom IC-718. Pulagi ndi yomweyo ya mapini 8, yalowa bwinobwino koma ndikadina PTT (batani lodina polankhula) palibe chikuchitika. Ndiye yafa kapena pali poti ndisinthe?

MadalaMatawale:
Aise izule kaye usanadinenso. Pulagi kulowa sikuti mawaya akugwirizana ayi. Kwa Kenwood pini 2 ndi PTT, pomwe kwa Icom pini 2 ndi ya magetsi a 8V ndipo buku lake limachita kuchenjeza kuti isagundane ndi ground, imatha kupsereza regulator mkatimo. PTT ya Icom ili pa pini 5.

Usadule waya wa maikiyo, panga ka adaputa, uzadzaigulitsa bwino mtsogolo muno. 1 ipite pa 1, 2 ya Kenwood pa 5 ya Icom, 7 pa 7, 8 ya Kenwood pa 6. Ukafuna preamp yake (kachipangizo kokweza mawu kam'maikimo) idye magetsi a wailesi ndiye 5 ya Kenwood ipite pa 2, apo ayi ingoikamo mabatire awiri a AA pansipo basi. Chinanso Icom imatumiza DC pa waya wa mawu womwewo poti maiki zake ndi za electret zofuna magetsiwo, MC-60A ndi dynamic siwafuna, ndiye pakati pa waya wa pini 1 uikepo kapasita ya 1uF yotchinga DC, mwendo wa + uyang'ane ku wailesi. Ma mekaniki a mawailesi mumsika wa Zomba amakhala nazo, amachotsa m'maboard akale.

Timanambala tija talembedwa pa pulasitiki tating'ono kwambiri, walitsa ndi tochi ya foni, ndipo ukatembenuzira mbali yowotcherera zimakhala chosemphana, ambiri amapusa pamenepo. Yeza ndi mita usanalumikize.

NyaChikanda:
Madala anena zoona koma ine ndinene maganizo anga, maiki ya HM-36 imene imabwera ndi IC-718 ndi yabwino kale, ma DX (masiteshoni akutali) pa band ya 20m akumva bwino ndi imeneyo. Maiki yapatebuloyo ubwino wake manja amapuma basi. Komanso mukayatsa preamp musakweze mic gain mpaka kumapeto, muziyang'ana ALC (mita ya pa wailesi yosonyeza ngati mawu akwera mopyola), ikadutsa malire mawu amasasa ndipo mumatayikira kwa anzanu oyandikana nawo pa band.

WaChinamwali:
Zikomo nonse. Nanga mabatani a UP ndi DWN osinthira frequency aja?

MadalaMatawale:
Kenwood ili ndi mapini awiri, 3 ndi 4, Icom imagwiritsa pini 3 yokha, UP ndi ground mwachindunji, DOWN imadutsa pa resistor ya 470 ohm. Zotheka koma ine ndikanazisiya, dial ili pafupi pomwepo. Anzako akamati mawu akulira ngati uli m'chitini pa band ya 40m, imeneyo ndi RF (mphamvu imene wailesi ikutumiza) ikubwerera m'maiki, kulunga waya wa maiki pa ferrite (kamphete kotchinga RF) pafupi ndi pulagi. Loweruka ndili pakhomo, bwera nazo zonse ndi soldering iron yako poti yanga nsonga inatha, tipemphere magetsi akhalepo.