Switchi ya lockup pa Surf ya 1KZ: ndilumikize bwanji mawaya?

Mlimi wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Hilux Surf ya 1998, injini 1KZ-TE, otomatiki. Sabata iliyonse ndimakwera nayo chitunda cha Chikwawa kupita ku Blantyre, kumbuyo nditakoka kangolo ka matumba. Ndikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba makona aja, injini imalira kwambiri koma liwiro lake silioneka, kenaka kanyali ka A/T OIL TEMP n'kuyaka. Mwezi watha ndinaima pambali pa msewu dzuwa lili pamutu, ndipo nditasolola dipisitiki ya giyabokosi, oyilo anali atada n'kumanunkha chopsereza. Mtima unandiwawa, chifukwa galimotoyi ndi imene imadyetsa ana anga. Ndinamva kuti munthu atha kuika switchi ya lockup, yomanga torque converter ndi dzanja. Waya wake ndi uti, ndipo amalumikiza bwanji?

Wa mawaya ku Ndirande:
Achimwene, zimatheka, ndaikapo pa ma Surf ndi ma Prado angapo. Kutenthako kumachokera mu converter, imene imalumikiza injini ndi giyabokosi kudzera mu oyilo. Pa chitunda imangopalasa oyilo osagwira zolimba, ndiye mphamvu yotayikayo imasanduka moto. Kompyuta imaimanga pokhapokha mukamathamanga bwino pa msewu wosalala.

Magiyabokosi a mtundu wa A340 ali ndi ma solenoid (mavavu a magetsi) atatu: S1 ndi S2 ndi osintha magiya, wanu ndi wachitatu, SL. Musakhulupirire mtundu wa waya umene wina wakuuzani, pezani dayagiramu ya galimoto yanu. Mukamupeza wayayo muyezeni ndi mita. Akhale pakati pa 11 ndi 15 ohms. Mukapeza pafupi ndi 5, siyani pomwepo, imeneyo ndi solenoid ya mtundu wina ngati SLU ya mu A750F, ndipo 12V yachindunji imaiotcha.

Gulani relay ya mapini asanu. Dulani waya wa SL pafupi ndi kompyuta. Mbali yopita ku giyabokosi ilowe pa pini 30, yochokera ku kompyuta pa 87a, ndipo pa 87 pabwere moto wa 12V wodzera pa fyuzi, woyaka ndi kiyi osati wa ku batire mwachindunji. Switchi yanu ipatse moto pa 86, pomwe 85 ipite ku bode. Mukatero moto subwerera ku kompyuta, ndipo switchi ikakhala yozima galimoto imayenda monga kale. Kompyuta itha kusunga khodi 64, kudandaula kuti solenoid yake sikuiona.

Dalaivala wa ku Rumphi:
Onjezerani relay yachiwiri yodula moto mukaponda buleki, mutenge pa waya wa nyali za buleki. Ine poyamba sindinaike. Tsiku lina ndikutsika Chiweta ndinaiwala switchi, ndipo pochepetsa liwiro kuseri kwa lole galimoto inayamba kunjenjemera ngati ya manyuwelo imene sunaponde kilatchi. Muikenso kanyali pa dashibodi koti kazikukumbutsani. Koma kunena zoona, potsika phiri imagwira ndi injini bwino kwambiri, mabuleki satenthanso ngati kale.

Madala a magiyabokosi:
Mwana wanga, mawaya akuuzani bwino, koma ine nkhawa yanga ili pa oyilo wopsereza uja. Yambani mwasintha ameneyo ndi sefa yake, muone ngati m'sampu mulibe zinyenyeswa. Ngati kilatchi ya mu converter inatha kale, switchi siingaiukitse. Kachiwirinso, oyilo wa giya amazizirira mu ladiyeta pansi, ndiye kutentha kwake kumalowa m'madzi a injini, ndipo mutu wa 1KZ supirira moto, umang'aluka. Chachikulu ndi kuika kula (cooler) ya padera yoziziritsa oyilo kutsogolo.

Switchiyo mukaika, sankhani giya ndi dzanja, muike pa 2 kapena muzimitse O/D (overdrive), kenaka mumange. Isasinthe giya ili yomanga mutaponda mafuta, kugunda kumeneko kumadya zam'kati. Injini ikayamba kulemedwa, masulani.

Mlimi wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse. Madala, ndamva, Loweruka ndiyamba ndi oyilo ndi kula. Achimwene a ku Ndirande, fyuzi ija ikhale ya ma ampu angati?

Wa mawaya ku Ndirande:
Ya 5 ikwana, solenoidyo imakoka pafupifupi ampu imodzi basi. Polumikiza muwotcherere ndi soda, osangopota ndi tepi, msewu wanu uja umagwedeza.