Nkhawa ikundiiwalitsa zinthu, kodi mutu udzabwerera mwakale?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Chimwalirireni bambo anga mu Marichi, ngongole za maliro zandifika m'khosi, tulo sindikupeza, ndipo mutu sukugwiranso. Dzulo nyemba zinapserera pambaula, ndinaiwaliratu kuti ndatereka. Koma tsiku lomwe anatisiya kuchipatala ndimalikumbukira lonse, mpaka mtundu wa bulangete lomwe anafunda.

Ndinawerenga kuti nkhawa ikakhalitsa, homoni ya cortisol imafooketsa hippocampus, mbali ya ubongo yothandiza kusunga zatsopano, pomwe amygdala imakhomerera zinthu zoopsa kuti zisachoke. Ndiye nkhawayo ikachepa, hippocampus imachira? Inu amene munadutsamo, chinakuthandizani n'chiyani, kapena ndingopita kwa adokotala? Ndine mphunzitsi, ndipo chikundiopsa kwambiri n'chakuti mayina a ana a m'kalasi mwanga ayamba kundithawa.