Kusunga dizilo wapadera m'boti lobwereketsa

Mwini boti: Akuluakulu anzanga pa ntchitoyi, ndikupempha nzeru. Ndili ndi boti la injini ya dizilo limene ndimabwereketsa kwa masiku angapo, ndipo obwereka ena amapita kutali kumene kulibe pothirira mafuta. Sabata yatha ena anandibwezera botilo muli zigubu ziwiri za madzi akumwa zodzaza dizilo, atazitsamiritsa ku mabatire. Chimodzi chinali chitatupa ndi dzuwa, mafuta akuchucha pachivindikiro mpaka kutsikira pansi penipeni pa boti. Kodi ndiwaletse kotheratu, kapena ndiziwapatsa ndekha zigubu zoyenera?

Makaniko wa injini: Bambo, mukawaletsa chabe adzazibisa, ndipo chigubu chobisika ndicho choopsa kwambiri. Apatseni zanu. Chigubu cha mafuta chimakhala ndi chidindo cha UN (bungwe la United Nations) chotsatana ndi chizindikiro cha 3A1 chikakhala chachitsulo, kapena 3H1 chikakhala chapulasitiki, komanso chaka chimene chinapangidwa. Chapulasitiki chikapitirira zaka zisanu ine ndimachipumitsa, poti dzuwa limachifooketsa. Lembanipo DIZILO ndi zilembo zikuluzikulu. Dizilo satulutsa mpweya woyaka mpaka atatentha kufika madigiri pafupifupi 55, pamene petulo amautulutsa ngakhale kutazizira madigiri 40 pansi pa ziro, choncho chigubu chimene munakhalapo petulo chisasakanikirane ndi zimenezi. Izi sizikutanthauza kuti dizilo ndi wofatsa, ayi: akadonthera pa ekizozi yotentha kapena akanyowetsa nsanza, amayaka ndithu. Kutupa kumene munaona kuja kunadza chifukwa chodzaza mpaka kukamwa, pakuti malita 20 akatenthedwa ndi madigiri ena 20 amawonjezekera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a lita. Musapitirize mzere wa pachigubu.

Woyendetsa maboti: A Makaniko anena zoona, koma ine nkhawa yanga ili pa malo. Chigubu cha malita 20 chimasenza dizilo wolemera makilogalamu pafupifupi 17, ndipo mafunde akakula chimayenda chokha ngati sichinamangidwe. Ndinachionapo chikuthyola chitseko cha kabati. Chiimikeni chilili, muchimange ndi malamba awiri m'bokosi lapanja lolowa mphepo, pamthunzi, kutali ndi injini, mabatire, chitofu ndi pogona anthu. Pansi pake ikani thireyi yolandira zodontha, ndipo chozimitsira moto cha thovu kapena cha ufa chikhale pafupi, chifukwa madzi amangofalitsa moto wa mafuta. Ngozi zambiri ndaziona pothira, osati posunga. Wobwereka wosazolowera akanyamula chigubu cholemera boti likugwedezeka, theka limathera m'madzi. Azithira atakocheza, injini itazimitsidwa, popanda wosuta fodya, ndipo agwiritse ntchito kapaipi kopopera m'malo mopendeketsa chigubu.

Mayi wa kampani yobwereketsa: Abale anga, mbali ya malamulo isatsalire. Boti lonyamula anthu olipira limaweruzidwa mokhwima kuposa la munthu payekha, ndipo kuchuluka kwa mafuta ololedwa m'zigubu kumasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso doko ndi doko. Werengani zolembedwa pa laisensi ya boti lanu, kenako mulembere ofesi imene inaipereka pamodzi ndi a inshuwalansi, kutchula chiwerengero cha zigubu, kukula kwake ndi pamene zizikhala. Yankho lapakamwa musalilandire, chifukwa tsiku la ngozi adzafuna pepala. Kutayira mafuta m'madzi ndi mlandu. Panyanja zikuluzikulu pangano la mayiko la MARPOL limaletsa, ndipo mayiko ali ndi malamulo awo a mitsinje ndi nyanja zam'kati. Uzaninso obwereka kuti mafuta akatayika asathirepo sopo, poti sopo amangowamiza osawachotsa. Agwiritse ntchito nsalu zoyamwa mafuta, asapopere kunja madzi osonkhana pansi m'kati mwa boti, ndipo akuimbireni nthawi yomweyo.

Makaniko wa injini: Ndiwonjezere chimodzi. Dizilo akakhalitsa amakoka chinyezi, ndipo pamalire a madzi ndi mafuta pamamera tizilombo topanga matope akuda otseka sefa. Zigubuzo muzizikhuthulira m'thanki miyezi itatu iliyonse kudzera m'fanelo yosefa madzi, n'kudzazamo watsopano.

Mwini boti: Zikomo kwambiri nonse. Ndagula zigubu ziwiri za malita 10 m'malo mwa chimodzi chachikulu, kuti aliyense athe kunyamula, ndipo ndazimata ndi chidindo changa kuti ndizidziwa ngati zatsegulidwa. M'pangano lobwereketsa ndalembamo kuti mafuta ena alionse ndi oletsedwa. Kalata ya ku inshuwalansi ndatumiza m'mawa uno, ndipo zigubuzo zikhala pamtunda kufikira atandiyankha.