Land Cruiser 200 ikumira kumbuyo ndikamangirira ngolo: ndiyambe kusintha chiyani?

Funso, kuchokera ku Lilongwe

Akuluakulu, ndikupempha uphungu kwa inu amene mumadziwa za magalimoto. Ndili ndi Toyota Land Cruiser 200 ya dizilo ya 2012, imene ndimakokera ngolo yonyamula boti popita ku Monkey Bay kudzera msewu wa Golomoti. Ngolo ndi boti pamodzi zimalemera pafupifupi makilogalamu 2,500, pomwe galimotoyi inapangidwa kuti izikoka mpaka 3,500 ngati ngolo ili ndi mabuleki ake. Ikakhala yokha imayenda bwino lomwe, koma ndikangomangirira ngolo, kumbuyo kumamira, chiwongolero chimapepuka, magetsi amaloza m'mwamba, ndipo thiraki ikandidutsa ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku. Kodi ndigule masipiling'i olimba, mashoko atsopano, kapena matumba a mpweya aja amene ena amaika kumbuyo?

Yankho, makaniko wa ku Kanengo

Bambo, musanatulutse ndalama iliyonse, pitani pa sikelo mukayeze galimoto ili ndi ngolo, mafuta, anthu ndi katundu yense amene mumanyamula pa ulendo, ndipo muyeze ekiselo yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha. Mwafotokoza mavuto awiri osiyana, ndipo gwero lake si limodzi.

Kumira kumabwera chifukwa mutu wa tow bar, chitsulo chomangirirapo ngolo, uli patali kumbuyo kwa matayala, kotero kulemera kumene kwatsamira pamenepo kumakankha kumbuyo pansi n'kunyamula kutsogolo. Pa galimoto yanuyi mtunda wa pakati pa ma ekiselo ndi mamita 2.85. Mukaika makilogalamu 250 pa tow bar, ekiselo yakumbuyo imalandira oposa 350, ndipo oposa 100 amachoka pa matayala akutsogolo, omwe ndi amene amakhota komanso kugwira ntchito yaikulu poima. Masipiling'i olimba adzadzutsa kumbuyo, galimoto idzaoneka yowongoka, koma kulemera kumene kwachoka kutsogolo sikubwerera chifukwa cha iwo.

Kugwedezeka kwa ngolo nthawi zambiri kumasonyeza kuti katundu wachuluka kumbuyo kwa matayala ake, ndipo pa ngolo za maboti zimenezi n'zofala chifukwa injini imakhala kumapeto kwenikweni. Kulemera kwa pa tow bar kuzikhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa ngolo yonse. Ndikuganiza kuti kwa inu n'kochepa, ndipo chimene chikumiza galimoto ndi katundu wa m'buti pamodzi ndi masipiling'i otopa. Ikani tepi kuyambira pakati pa gudumu mpaka pa mkombero wa bodi, muyeze musanamange ngolo ndiponso mutamanga, mudzaona nokha.

Yankho, kuchokera ku Johannesburg

Achimwene, zimene anena amisiriwa n'zoona, komabe galimoto ya 2012 ngati idakali pa mashoko ake oyamba, asintheni mosazengereza. Gwadani muyang'ane ngati pa thupi la shoko pali mafuta osakanizika ndi fumbi, muonenso mabushi a Panhard rod (chitsulo chopingasa choletsa ekiselo kusuntha cham'mbali) ndi a mikono inayi imene imagwira ekiselo yakumbuyo, chifukwa akang'ambika ekiselo imasuntha cham'mbali ndipo ngolo imapezerapo mpata wokankha galimoto.

Pa masipiling'i, makampani monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4 amawagulitsa molingana ndi katundu amene galimoto imakhala nayo tsiku ndi tsiku. Amene amasankha olimba kwambiri pomwe amakoka ngolo mwa apo ndi apo amadandaula pambuyo pake, popeza galimoto ikakhala yopanda katundu imadumpha pa mabampu ndipo matayala sagwira bwino msewu wafumbi. Kwa inu ndingasankhe masipiling'i apakatikati, mashoko ogwirizana nawo, ndi matumba a mpweya olowa mkati mwa masipiling'i akumbuyo, monga a Air Lift, amene mumapopa pa tsiku la ulendo n'kuphwetsako mukafika. Musakweze galimoto poganiza kuti zithandiza. Ikatalika imapendekeka kwambiri pa makona, ndipo makona a Golomoti mukuwadziwa. Muyambe mwafufuzanso ngati yanuyo ili ndi KDSS, chipangizo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pa makona, chifukwa imeneyo ili ndi dongosolo lake poimasula ndipo imafuna mmisiri woidziwa.

Yankho, dalaivala wa ku Mangochi

Ndiwonjezerepo pa za matayala, zimene ambiri amaziiwala. Matayala olembedwa LT, kutanthauza opangidwira mathiraki ang'onoang'ono, ali ndi m'mbali molimba kuposa wamba, ndipo akapopedwa mokwanira kumbuyo kwa galimoto sikuyendayenda. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, a ngolo omwe.

Wina akakulangizani za weight distribution hitch, chipangizo chimene chimabwezeradi kulemera kutsogolo, mufunse kaye wopanga ngolo yanu, chifukwa zipangizo zambiri zotere sizigwirizana ndi mabuleki a ngolo amene amagwira okha ngoloyo ikakankha galimoto. Dziwaninso kuti chilichonse chimene mungaike sichisintha malire a kulemera amene analembedwa pa chikwangwani cha galimotoyo. Potsika phiri la Golomoti lowani giya yotsika musanayambe mtsetse, ndipo ngolo ikayamba kugwedezeka chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chowongoka, osaponda mabuleki mwadzidzidzi.