Kanthu kotchipa koma kothandiza heve

wachidwi: Anzanga, ndi kanthu kanji munagula ndalama zochepa koma mpaka pano kakugwirabe ntchito ngati kodula?

mayi_wa_awiri: Ine fulasiki yachitsulo yamakoma awiri ija. Pakati pa makomawo anachotsamo mpweya nde kutentha sikuthawa msanga, madzi ndimathira m'mawa koma madzulo ukatsegula nthunzi ili tolotolo, ana amaigwetsa daily koma ili nganganga.

kadzidzi: Mababu a LED akuluakulu. Magetsi amadya pang'ono, satentha ngati akale aja, ndaiwala ndi liti ndinasintha.

chete_chete: Singano ndi ulusi basi. Batani likathothoka mphindi ziwiri zatheka.

kadzidzi: Mayi za fulasikizo zoona, koma muziyang'ana labala wa pachivindikiro, akatha madzi amatayikira mchikwama.