Chitofu chikuyaka koma pabalaza pakuzizirabe

Wa ku Kapata: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Chitofu chachitsulo cha nkhuni chili m'kati mwa malo osonkhapo moto m'nyumba yakale, paipi yake yakwera m'chumuni. Nkhuni zikungotha, koma Juni uno pabalaza pali zii. Kodi ndithire simenti m'mbali mwake?

Mmisiri wa ku Katete: Simenti ayi, achimwene, imang'ambika ndi moto, komanso imangomwa kutentha. Vuto lili kumwamba. Khosi la chumuni lili pululu, ndiye mpweya wofunda ukuthawira m'mbali mwa paipi. Dulitsani chitsulo chochindikala 1.5 mm chokwana pakhosipo, muboole pakati podutsa paipi (zambiri zimakhala za 150 mm), muchimange kunjerwa ndi mabawuti. Pamwamba pake yalani rock wool (ubweya wosapsa wopangidwa ndi miyala, wotchinga kutentha) wochindikala 50 mm, wopanda pepala kapena pulasitiki kumsana. Kampata kotsala pozungulira paipi tsekani ndi chingwe chosapsa chija amaika pazitseko za zitofu. Malata a denga musayese, zinki wake akapsa amatulutsa utsi wodwalitsa.

Amayi a ku Chadiza: A mmisiri anena zoona, koma aiwala khoma lakumbuyo. Ngati chumuni chili kukhoma lakunja, njerwa zimapereka kutentha kubwalo usiku wonse. Khomalo likutireninso ndi rock wool. Akasowa, sakanizani ndowa imodzi ya dothi la pachulu ndi ndowa imodzi ya utuchi wosefa, mumate panjerwa kuchindikala masentimita 5. Liume mpaka m'kati, ngakhale masabata awiri, kenako muyambe ndi moto waung'ono, apo ayi limasweka. Utuchi ndiwo umasiya timipata ta mpweya toletsa kutentha kudutsa. Mchenga sungagwire ntchito imeneyi. Chitofucho osachikuta ayi. Siyani mpata m'mbali ndi kumbuyo, ndipo mabowo ake apansi ndi apamwamba akhale otsegula, chifukwa m'menemo ndi modutsa mpweya wofunditsa nyumba. Mukatseka, chitsulo cha chitofu chimapindika.

Wa ku Lundazi: Musanamange chitsulo cha pakhosi chija, sesani mwaye wonse m'chumuni, ndipo muzitha kuchimasula chaka chilichonse chisanu chisanayambe. Nkhuni zaziwisi zimasiya phula m'paipi, phula limenelo limayaka. Mukatseka bwino chonchi, siyani zenera lotsegula pang'ono, poti mpweya wa carbon monoxide sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.