Thandizeni: mphwanga angapite bwanji ku mpikisano wopezera malo ku Olympics?

Moni nonse abale ndi alongo a kuno ku Harare. Ndili ndi mphwanga ku Mbare amene amachita masewera ogwetsana a freestyle. Amalemera makilo 70, ndipo akulakalaka kukapikisana nawo pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Makolo athu anachokera ku Dedza koma iye anabadwira konkuno, ndiye tasowa poyambira.

Ndawerenga malamulo a United World Wrestling, bungwe loyendetsa masewera ogwetsana pa dziko lonse, opezera malo ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Africa anaiphatikiza ndi Oceania pa mpikisano wa ku Alexandria, Egypt, mu March 2024, ndipo pa gulu lililonse la kulemera panali malo awiri okha. Otsalira anakayesanso ku Istanbul mu May, komwe kunali malo atatu. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti malowo amakhala a dziko, osati a wosewerayo, ndipo dziko limatumiza munthu mmodzi pa gulu lililonse. Komanso gulu la makilo 70 kulibe ku Olympics, ayenera kutsikira pa 65 kapena kukwera pa 74. Ine ndikuona kuti 65 ingamufooketse.

Mphunzitsi wake amangodziwa za mipikisano ya m'dziko muno. Ndinalemberanso ofesi ina ya zamasewera, mpaka lero zii.

Funso langa ndi ili: amene amalembetsa wosewera ku mpikisano wa Africa ndi ndani, bungwe la masewerawa kapena komiti ya Olympics? Nanga akaimira Zimbabwe kamodzi, lamulo loti wosewera adikire zaka 3 asanaimire dziko lina lingamutsekere khomo la Malawi? Amene munadutsamo, chonde ndilembereni.